Mashafti a Galimoto Yopitira Kutchalitchi

Bambo Chimwaza, mkulu wa mpingo wathu, mwini shopu ya sipeya ku Gorbals mu Glasgow muno, ndimakulemekezani. Koma lero mundimva.

Kwa amene simundidziwa, ndine mayi a Tadala a ku Dennistoun, ndipo ndimachita mpikisano wa magalimoto. Inde, ineyo. Kagalimoto kanga sikayenda mumsewu. Kalibe nambala, kalibe mipando yakumbuyo, ndinakatsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi. Mwezi watha mashafti ake anayamba kulira pokhota. Mashafti ndi zitsulo zija zimatenga mphamvu ku giyabokosi n'kupititsa ku matayala. Akathyoka, injini imangobangula, galimoto ili chiimire.

Ndinali pa changu. Amayi anga anabwera kuchokera ku Zomba kudzationa, ndipo tsiku lobwerera linali litayandikira. Chiyambire ndimangowatumizira zithunzi, iwo n'kumayankha kuti, "Mwanawe, sukulu yonse ija?" Mpikisano wa Loweruka lapitali unali mwayi wanga wokhawo woti andione ndi maso awo ndikumaliza.

Ndikanatha kugula pa intaneti. Amuna anga anati ayi, tikweze wakwathu. Tinapita limodzi.

Ndinafotokoza bwinobwino. Galimoto ndi ya mpikisano, yotsitsidwa, ndikufuna mashafti a chitsulo cholimba, okhala ndi girisi wosasungunuka kukatentha. Bambo Chimwaza ankagwedeza mutu, koma maso ali pa amuna anga. Nditamaliza anawafunsa kuti, "Ndiye bambo, galimotoyi ikuvuta chiyani?"

Amuna anga ndi munthu wabwino, katswiri wa makompyuta, koma potsegulira boneti sapadziwa. Anangoti, "Ee, ndi mmene anenera mayiwa."

Ndinatuluka kukalipira poimika galimoto, pakuti ogwira magalimoto a mu Glasgow muno sadziwa zoti ndife a mpingo umodzi. Pobwera ndinapeza anthu akuseka, akugwirana chanza. "Zatheka, mayi," anatero bambo Chimwaza. "Tathana nazo abambo okhaokha."

Tsiku lokatenga katundu ndinanyamula shafti imodzi. Yowonda. Yopepuka. Ndinafunsa mwaulemu ngati ali omwe ndinanena aja.

"Mayi, awa ndi orijino!" anatero. "Ine ndinayendetsapo minibasi pakati pa Limbe ndi Mulanje. Zitsulo ngati izi zinkanyamula anthu, matumba a chimanga ndi mbuzi pamwamba, m'maenje okhaokha. Kuli bwanji kagalimoto kopanda ndi mipando yomwe, pa tala wosalala?"

Kodi minibasi yanuyo inkakhota ikuthamanga mpaka matayala kununkha, bambo? Funsoli ndinalimeza. Ndani angatsutse mkulu wa mpingo pamaso pa makasitomala ake, munthu amene anatilandira pabwalo la ndege tikufika kuno? Ndinatenga, ndinathokoza, ndinakamanga.

Loweruka linafika, kuli kamvula kathu ka masiku onse. Amayi anakhala kutsogolo kwenikweni kwa oonerera, majekete awiri ndi chitenje pamwamba. Ndinanyamuka bwino. Ulendo woyamba wozungulira ndinadutsa anzanga awiri, mtima uli m'mwamba. Ulendo wachiwiri, potuluka pa kona yakuthwa, ndinaponda moto.

Phwa!

Injini kubangula, matayala osamva. Galimoto inangoyenderera pang'onopang'ono mpaka kukaima m'mbali, moyang'anizana ndi pamene anakhala amayi. Anzanga anapitiriza kuzungulira. Ndinalira m'chipewa changa, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Zinandiwawa kwambiri.

Kenako ndinamva nthungululu. Amayi aimirira, akuvina, akugwedeza mzungu amene anakhala naye pafupi, akumuuza m'Chichewa kuti, "Mwana wanga wafika woyamba! Enawo akadazungulirabe!" Mzunguyo anawaombera m'manja. Ndikanayambira pati kufotokoza?

Madzulo amuna anga anaulula. Nditatuluka muja, bambo Chimwaza anati kompyuta yawo imafuna nambala ya galimoto. Yanga ilibe nambala. M'malo modikira mwini wake, amene ndinali panja pomwepo, anawauza amuna anga kuti, "Ingotchulani yanuyo, bambo." Iwo anatchula ya galimoto yathu yopitira kutchalitchi. Mtundu ndi umodzi ndi yanga, n'chifukwa chake mashaftiwo analowa bwinobwino. Ndinapita ku mpikisano ndi miyendo yokagulira ndiwo.

Dzulo tinabwerera ku shopu, shafti yothyoka ili m'manja mwanga. Bambo Chimwaza anaitembenuza, anaipenda, anapukusa mutu. Kenako anayang'ana amuna anga n'kunena kuti, "Bambo, muziwauza mayiwa aziyendetsa pang'onopang'ono."

Pang'onopang'ono. Pa mpikisano!

Ndiye anzanga, mukafuna sipeya wa galimoto yopanda nambala, pitani ndi chitsulo chakalecho m'manja, ndipo musatuluke panja ngakhale galimoto akuikoka. Azimayi, amuna asiyeni kunyumba aziyang'anira ana. Ogulitsa akapanda kuwaona, mwina adzakuonani inuyo.

Inu bambo Chimwaza, mashafti oyenera ndikuwafuna, ndipo muitanitse ine ndili pomwepo. Koma pali china. Amayi anakwera ndege Lolemba. Afika kale ku Zomba, auza amayi onse a Mvano kuti mwana wawo anapambana azungu ku Scotland. M'mawa uno andiimbira, akufuna chithunzi cha chikho. Chibadwire sanandinyadirepo chonchi, ndipo ine zoona zake sindinawauze.

Nambala yawo ya foni ndikupatsani Lamulungu tikaweruka. Muwaimbire nokha, muwafotokozere za minibasi ya ku Mulanje ija. Koma musavutike kufunsa kuti abambo alipo. Bambo anga anatisiya kalekale. Ulendo uno mulankhula ndi mzimayi.