Inki Yobiriwira ya Ahedi

Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2, chaka chomwe Ndirande yense ankakweza zala ziwiri kufuna matipate. Masamu anali atandikwana. Kunyumba sindinanene. M'mawa uliwonse ndinkavala yunifolomu n'kupita ku Chirimba kukaonerera anthu akuwotcherera mageti.

Teremu itatha, amayi anafuna lipoti. Pepala losalembedwa ndinali nalo kale, ndinaba muofesi. Vuto linali inki. Ahedi okha ndiwo ankasaina ndi peni yopopa inki yobiriwira, ndipo kubiriwira kwake kunali kozizira, kotuwirako, ngati kotopa. Ine ndinagula bolopeni yobiriwira ku Mbayani, yowala ngati penti. Ndinati zobiriwira n'zobiriwira basi, komanso amayi sadziwa kuwerenga. Ndinadzipatsa nambala folo. Ngakhale pabodza ndinachita mantha kukhala nambala wani.

Amayi anatulutsa malipoti akale m'sutikesi n'kuwayala pamphasa pafupi ndi langalo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ahedi anu asintha?"

"Ayi, ndi omwe aja."

"Ine ndakalambira pogulitsa masamba. Inki ya ahedi imaoneka ngati mfutso, ndipo imalowa m'pepala. Iyi ndi mpiru wothyola lero. Walemba ndani?"

Ndinati mwina inki inawathera. Ndinayankha ndikuyang'ana zala zanga zakuphazi, munthu ndevu zitayamba kale kumera. Mpaka lero yankho limenelo limandinyansa kuposa bodza lenilenilo.

Sanakuwe, sanandimenye, ngakhale mbama ikanandikomera. Anapinda mapepala aja bwinobwino n'kunena kuti, "Vula yunifolomuyo ndichape. Mng'ono wako imukwana."