Mipando ya mtundu wa nachesi

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anatha sabata yathunthu akulimbana ndi tizidutswa titatu ta nsalu. Ndinali mu Sitandade 4, ndipo abambo anali atatha zaka ziwiri kumigodi ya ku Joni. Nkhope yawo inali itayamba kuzilala m'mutu mwanga. Kenako kunabwera kalata yoti abwerera mvula ikamayamba, ndipo akufuna adzapeze mipando ya sofa pabalaza. Za mtundu wa nsalu anati amayi asankhe okha.

Loweruka lina tinalawirira kuchoka kwathu kwa Nthache, wapansi, mpaka pa boma la Mwanza. Amayi anamangirira khadi la chipani kunsonga ya chitenje, poti masiku amenewo popanda khadi pamsika sunkalowa. Mmisiri wa mipando anali a Amidu, bambo wachisilamu wa kofia yoyera. M'shedi mwawo munkanunkhira utuchi ndi guluu, ndipo iwo ankasunga timisomali pakamwa, moti mawu awo ankatulukira pambali. Anadula tizidutswa titatu: kakhofi, kobiriwira, ndi kena kowala ngati khungu la nachesi wakupsa.

"Mayi, ambiri akutenga wakhofiyu, amabisa litsiro," anatero a Amidu. "Koma mukaganize bwino kunyumba. Nsalu ikakhomedwa, yakhomedwa."

Kunyumba tizidutswato tinayenda kuposa ife. M'mawa tinali pawindo, masana pakhonde, madzulo pamkeka. Azakhali anati wakhofi. Mayi wina wa kutchalitchi anati wobiriwira ndiye waulemu. Tsiku lina tikusenda nandolo, amayi anandifunsa motsitsa mawu:

"Esinala, kodi abambo ako amakonda mtundu wanji?"

Ndinaseka, koma nditawayang'ana ndinaona kuti sakuseka. Anakhala nawo pabanja zaka zonsezo, ndipo panalibe tsiku limene panapezeka chifukwa chofunsira zimenezo. Ankaopa kuti munthu amene akubwerayo adzalowa m'nyumba mwake n'kumva ngati mlendo.

Titabwerera ku boma, amayi analoza kansalu kowala kaja. A Amidu analavulira misomali m'dzanja kuti afunse bwino ngati amva zoona. Patapita milungu ingapo mipando inafika pa ngolo, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaona. Ena anati nyumba yathu yapsa moto. Ife ana tinaletsedwa kukhalapo. Ngakhale amayi eniakewo ankayala mkeka pafupi ndi mipandoyo, n'kumaisisita ndi dzanja ngati mwana wodwala.

Abambo anafika masana ena kukununkhira mvula yoyamba. Anali ataonda, jekete likuwalendewera, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma. Anaima pakhomo n'kumayang'anitsitsa mipando ija. Amayi anayamba kupepesa.

"Mwina ndinalakwitsa, bambo. Yawala kwambiri."

"Ayi, amake Esinala," anayankha abambo. "Kumene ndachokerako n'kwa miyala ndi fumbi lokhalokha. Maso angawa anali ndi njala."

Anakhala pansi mwapang'onopang'ono, siponji n'kupuma ngati munthu, kenako anandiitana kuti ndikhale pambali pawo. Aka kanali koyamba kukhala pampando umenewo. Ndimakumbukirabe kukanda kwa nsalu yatsopano kumiyendo kwanga, fungo la sopo wachilendo pa malaya awo, ndi dzanja lawo lolemera paphewa panga. Ndinkachita manyazi ngati ndakhala ndi mlendo, koma sindinkafuna kuti achotse dzanjalo.

Anakhalira mipandoyo chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Chifuwa chija sichinawasiye, ndipo tinawaika m'manda chimanga chisanakhwime. Amayi sanasinthe nsalu ija mpaka inayera ndi dzuwa n'kung'ambika m'mbali.

Masiku ano ukadutsa pa Mwanza, masofa amangoyalidwa m'mbali mwa msewu, malole opita ku malire akuwathira fumbi. Mwana wanga wamkazi anasankha ake pafoni, tiyi asanazizire n'komwe, ndipo madzulo anali atafika kale. Ndi abwino, sindikana. Inenso pabalaza panga mipando ilipo yokwana alendo ambiri. Koma chaka chino ndinawerengera zaka zanga n'kupeza kuti ndine wamkulu kuposa mmene abambo anga anafikira, ndipo ndikanali ndi zambiri zoti ndikanawafunsa.