Kalata ya mabuleki ndidabisa ndine

Lemba, Nachisale, usadumphe kanthu. Titangovota za matipate zija, bambo ako adagula pikapu yamatola, Mitundu mpaka Nathenje. Tsiku lina iwo kulibe kudabwera kalata, aphunzitsi n'kundiwerengera. Akuti galimoto zamtunduwu zidachoka kufakitale mabuleki ali olakwika, yathuyo ibwerere akaikonze. Ine ndidati aa, nanga chimanga changa atute ndani? Ndidaitsomeka kudenga kuti ndiwapatsa tikatha kututa. Chiswe chidadya.

Pikapu ija idakagubuduka potsetsereka ku Diamphwe, mwendo akukoka bambo akowu n'chifukwa chake. Iwo amati adawalodza atsibweni ako, mlongo wanga, moti ndi kumaliro kwake komwe sadapite. Ine ndinkavomera nawo, mutu gwedegwede ngati gulo.

Walemba? Usawaonetse ndikadali moyo.