Manda a Pakati pa Mudzi

Ndikukumbukira bwino lomwe chaka chimene ndinali mu Sitandade 3 pasukulu ya mishoni, m'nthawi ya atsamunda. Mphunzitsi wathu anali mayi wachizungu. Tinkangowatchula kuti a Dona. Kwa miyezi itatu yathunthu anatiphunzitsa za kamudzi ka kwawo ku Mangalande: kamtsinje kake, mlatho wamiyala, chigayo choyendera madzi, ndi tchalitchi chimene ankati chinamangidwa agogo a agogo awo asanabadwe. Dzina la kamudziko ndikulidziwa, ndi kalembedwe kake komwe, koma sindilipatsa ulemu wolilemba pano.

Pamayeso anatiuza kuti tijambule mapu a kamudziko. Wolephera ankabwereza kalasi, ndipo bambo anga anali atandichenjeza kale kuti ndikadzangobwereza, ndidzakaweta mbuzi.

Pabolodi, a Dona ankajambula manda mozungulira tchalitchi, pakatikati pa mudzi. Ine ndinkaona ngati dzanja lawo linkaphonya. Ndani angagoneke akufa pakhomo, posewerera ana? Choncho ndinawakonzera. Mandawo ndinawasamutsira kutsidya kwa mtsinje, n'kuwazinga ndi mitengo monga timachitira kwathu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa m'Chinyanja chawo chokhota.

"Manda, a Dona. Ndawachotsa pakati pa anthu."

"Iwe undiphunzitse ine za kwathu?"

Ndinalandira zikoti zisanu m'manja, anzanga akuonerera. Kenaka anandiponyera pepala lina. Ndi zala zotupa, choko chikundiyabwa m'mphuno, ndinawabwezera akufa aja pakhomo pa tchalitchi, ndipo ndinakhoza.

Lero ndikukhala ku Hyattsville, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, mutu uli mbuu. Mwezi wathawu mdzukulu wanga Tadala, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, anauzidwa kusukulu kuti ajambule mudzi wa agogo ake. Ndinatenga pensulo monyadira kuti ndimuthandize. Koma dzina la kamtsinje kamene ndinkasambamo ndili mwana linakana kubwera. Ndinachita kuimbira foni mlongo wanga ku Dedza.

"Achimwene, ndi sukulu yonse ija?" anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Kudziwa za eni sikuipa ayi. Koma m'zaka zonse zija palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anatifunsa kuti mtsinje wakwathu umachokera kuti, kapena anayambitsa mudzi wathu ndani. Tsopano ndazindikira chimene ndinakhoza pamayeso aja: ndinavomera kuti mudzi woyenera kulembedwa papepala ndi wa anthu ena. Ndipo a Dona anandipatsa malikisi onse.