Ndinaboola Gitala ya Magetsi ndi Tchizulo

Inu owerenga, ine ndinapha gitala. Sinagwe pansi, sinabedwe, sinapse ndi moto. Ndinaipha ndekha ndi tchizulo, dzuwa likuswa mtengo, mutu wanga uli bwinobwino, ndipo pogwira ntchitoyo ndinkaimba mluzu.

Inali nthawi ya Chitaganya, Lilongwe akadali katauni ka fumbi: msika, mzikiti, mlatho ndi mzere wa masitolo a amwenye. Ine ndinali telala wa pakhonde pa sitolo ina ya nsalu. Koma anthu sankandidziwira makina osokera ayi, ankandidziwira banjo. Ndinkapanga ndekha ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga. Anzanga ambiri a ku Kawale ndinawapangira, ndipo aliyense ndinkamuuza modzigunda pachifuwa kuti mawu amakhala m'mimba, choimbira chopanda mphako sichingalire.

A Ismail, mwana wa mwini sitoloyo, anali munthu wa msinkhu wanga, wobadwira mu Lilongwe momwemo, Chichewa chake chothyakuka. Tsiku lina Lamulungu masana, sitolo ili yotseka, anandiitanira kuchipinda cha kuseri kosungira mabelo a nsalu. Anatsegula bokosi lalitali loyalidwa nsalu yofewa kuposa iliyonse imene ndinasokapo. Mmenemo munagona gitala yofiira psuu, yonyezimira moti ndinaona nkhope yanga. Pamutu pake panali dzina la kampani ya kutsidya kwa nyanja, lolembedwa ndi zilembo zasiliva, dzina limene tinkangolimva kwa matchona ochokera ku Joni. Nditainyamula ndinadabwa ndi kulemera kwake. Linali thabwa lokhalokha, lopanda bowo, lopanda mimba.

A Ismail analumikiza chingwe ku bokosi lokuza mawu, bokosilo n'kulilumikiza ku magetsi a pakhoma, ndipo anandiuza kuti ndikhudze nsambo imodzi. Ndinakhudza mwaulemu, monga munthu woodira pakhomo la apongozi. Abale anga, zimene ndinamva tsiku limenelo lilime langa likulephera kuzifotokoza mpaka lero. Liwu linatuluka lalikulu, loyera, ndipo silinafe msanga monga limachitira la banjo. Linangoima m'chipindamo likunjenjemera, malata a padenga akuliyankha, ine n'kulimva mpaka m'mano. Ndinagwidwa mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Ndinayang'ana chala changa ngati ndi cha munthu wina. Nditayamba kanyimbo kanga ka masiku onse, kaja ndinkakaimba podikira makasitomala, sindinakazindikire, kanamveka ngati nyimbo ya m'tchalitchi chachikulu. Anthu ochokera kumsika anaima pawindo ndi mitanga yawo pamutu.

Patapita masabata ochepa a Ismail anandiuza kuti akusamukira ku Limbe kukayendetsa sitolo ya amalume awo, nkhalamba imene sinkafuna phokoso la nyimbo panyumba pake. Gitala ija anandipatsa ine.

"Zala zake muli nazo ndinu," anatero. "Bokosi la mawu likhale konkuno kuli magetsi, muzibwera Lamulungu lililonse. Koma tsiku lotsazika mudzandiimbire."

Ndikanaisiya pomwepo m'bokosi lake, bwenzi nkhani ino palibe. Koma ndani angapatsidwe chinthu chotere n'kusachionetsa kwawo? Ndinaimangirira pa njinga, ulendo wa ku Kawale, kumene nyale yathu inali koloboyi. Ndinali nditaitama kale kwa sabata yathunthu, choncho pabwalo panadzaza anthu, amayi atasiya zochapa m'mabeseni. Onse anausa moyo poona kufiira kwake. Ndinakhala pampando, n'kukwapula nsambo zonse mwamphamvu. Gitala inalira ngati udzudzu.

"Alamu, amwenye akutolani," anatero mlamu wanga, munthu wosasunga mawu m'kamwa. "Akupatsani thabwa lochapirapo zovala. Banjo yanu ija ndiye inali ndi pakamwa."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Ndinayesa kufotokoza za magetsi, koma palibe anamvetsera. Manyazi anandigwira koopsa. Akazi anga anandinong'oneza kuti ndidekhe, Lamulungu ndiwatenge osekawo akadzimvere okha kusitolo. Anali malangizo abwino, ine ndinawaponya kunkhongo.

Maganizo anga anali akuti azungu opanga gitalayi anaganizira kwawo kokha kumene magetsi ali paliponse. Ine katswiri ndiiwonjezera chimene anaiwala. Ndikaisemera mimba, izilira kuwiri konse, kusitolo ndi magetsi, kunyumba ndi mphako yake. Loweruka masana ndinaigoneka chafufumimba pamphasa, ndinabwereka tchizulo kwa kalipentala, n'kuyamba kusema kumsana kwake kuti kumaso kusaonongeke. Mtengo wake unali wolimba, wonunkhira bwino, ndipo ndinkauyamikira uku ndikuugoba. Mwadzidzidzi tchizulo chinalowa chokha, n'kutuluka ndi timawaya tofiirira, topyapyala ngati tsitsi. Ndinatiuzira kumbali pamodzi ndi zipalapasiro. Bowolo ndinalivundikira ndi chikopa cha mbuzi, n'kukhomera timisomali mozungulira. Nditayesa kuimba, inali ikadali yonong'ona. Ndinakhumudwa, komabe ndinadzitonthoza kuti sindinataye kanthu.

Tsiku lotsazika linafika. Kuseri kwa sitolo kunasonkhana abale a a Ismail ndi antchito onse. Mlamu wanga ndinachita kumutenga dala, ndinamukhazika kutsogolo kuti adye mawu ake. A Ismail analumikiza chingwe akumwetulira. Ndinakwapula nsambo. M'bokosi munangotuluka kulira kwa njuchi. Anapotokola timabatani, anasintha polumikizira magetsi, koma ayi ndithu. Kenaka anaitenga m'manja mwanga kuti aione, n'kuitembenuza.

Anayang'ana chikopa cha mbuzi chija nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanandimenya khofi. Anangosisita m'mbali mwa bowolo ndi chala, misozi ili lengelenge m'maso.

"Bambo, mukanandifunsa," anatero motsitsa mawu.

Ngakhale mlamu wanga sanaseke tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa munthu wokonza mawailesi pafupi ndi mlatho. Anasuzumira m'bowomo n'kupukusa mutu. Anandifotokozera kuti timawaya ndinatiuzira kufumbi tija tinali tokulungidwa kambirimbiri mozungulira kachitsulo ka maginito, ndipo timeneto ndito tinkamva kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku bokosi. M'Nyasalande monse munalibe woti n'kutikulunganso. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndikuganiza za anthu amene anakwanitsa kubisa liwu lalikulu chonchija m'kanthu kochepa ngati chala. Ndinagoma nawo kuposa kale, koma kugoma kwake kunabwera mochedwa.

Inu owerenga, makamaka inu aluso amene manja anu amayabwa mukaona chinthu chatsopano, safunsa anadya phula. Luso limene muli nalo ndi la zinthu zimene mukuzidziwa, lili ndi malire ake. Chinthu chikakhala chete m'manja mwanu, musafulumire kunena kuti opanga analakwitsa, bwererani kwa amene anakupatsani mukafunse. Ndipo anthu akakusekani, alekeni aseke, kuseka kumatha dzuwa lisanalowe. Ine ndinaopa kusekedwa tsiku limodzi, ndipo munthu amene anandikhulupirira anakwera basi ya ku Limbe osamva nyimbo imene anandipempha.