Sukulu ya M'chigafa cha Panjira

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya kupita kusukulu ya boma. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'mudzi mwathu kuseri kwa mapiri a ku Chezi. Chimene chinandichotsa si ulesi kapena umbuli ayi, pajatu masamu ndinkawakhoza mpaka anyamata kudana nane. Chinandichotsa ndi khunyu.

Ndinagwa koyamba m'kalasi. Wakhunyu saona kugwa kwake, choncho zonse ndinachita kumva pambuyo pake: kuti anzanga anathawira pakhomo ndi pazenera, akupondana. Kwathu anthu ankati wakhunyu akaphwisa uli pafupi, kapena thovu lake likakukhudza, basi nawenso watenga. Aphunzitsi athu anali munthu wabwino ndipo anayesetsa kuwalangiza anawo, koma pakamwa pamodzi sipakanaposa zimene ankamva kwa makolo awo madzulo aliwonse. Kuyambira pamenepo ndinkakhala ndekha pasimenti, anzanga atasiya mpata mbali zonse. Mlongo wanga wamng'ono, Pilirani, ankabwera kunyumba malaya atang'ambika chifukwa chomenyana ndi onditonza. Nditagwanso pafupi ndi mtsinje pobwerera kunyumba, popanda ndi mmodzi yemwe wondikoka, Abambo anati zakwana. Tonse awiri, ine ndi Pilirani, tiziphunzirira pakhomo, Amayi ndiwo aphunzitsi poti anafika Fomu 2.

Pa zimenezo makolo anga anagwirizana. Anasiyana pa malo.

"Pabalaza pali bwino," anatero Abambo. "Anthu asamangomuyang'anitsitsa mwanayu."

"Iyayi, bambo a Tereza," anayankha Amayi. "Tikaphunzirira m'chigafa."

Chigafa chathu, moyanikira fodya, chinali denga la udzu pamitengo basi, chopanda khoma, ndipo chinali m'mbali mwenimweni mwa njira yopita kumjigo. Mudzi wonse unkadutsa pamenepo ndi ndowa. Ine ndinali mbali ya Abambo ndi mtima wanga wonse. Koma Amayi anga akanena iyayi yawo yapansipansi ija, ngakhale mbuzi zinkadziwa kuti nkhani yatha.

Bolodi linali chitseko chakale cha nkhokwe ya mtedza chopakidwa makala. Choko chinali makaka, chinangwa chouma chija, ndipo vuto lake linali lakuti Pilirani ankadya choko aphunzitsi akangotembenuka. Mabuku anatibwereka aphunzitsi anga akale. Chichewa ndi masamu Amayi ankaphunzitsa molimba mtima, koma pa Chingerezi ankayamba aloweza okha mbandakucha akusesa pabwalo, milomo ikugwedera. Miyezi ya fodya tinkaphunzira masamba ali lendelende pamwamba pa mitu yathu, fungo lake likukanda kukhosi, Abambo akusoka fodya pakona n'kumayankha mafunso amene sanafunsidwe. Mankhwala anga tinkakatenga kuchipatala cha mishoni mwezi ndi mwezi. Anachepetsa kugwa, koma sanakuthetse.

Sindinganame, chigafacho ndinkadana nacho. Amayi ena ankapereka moni ali patali, moseka: "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi aakulu?" Ena ankalambalala, n'kudutsa m'munda mwa chimanga ndowa ili pamutu, kuopa mpweya wanga. Ine ndinkakhala chofulatira njira, komabe maso awo ndinkawamva kumsana.

Tsiku limene ndinkaliopa linafika m'nyengo yozizira, mphepo ikutsika m'mapiri ndi fumbi. Ndinagwa m'mawa, nthawi yomwe amayi ambiri ankachokera kumjigo. Pilirani ndiye anandifotokozera zonse. Akuti Amayi anandigoneka cham'mbali, anavula chitenje chapamwamba n'kundiikira kumutu, kenaka anapukuta thovu ndi dzanja lawo, n'kuwaitana amayi amene anayamba kuthawa aja ndi mawu omwe ankaphunzitsira masamu.

"Musathawe, anzanga, imani pomwepo muone. Osamuika supuni m'kamwa, osamupanikiza. Kungomugoneka chonchi, n'kudikira. Dzanja langali ndi lomwe lakhala likupukuta thovu chiyambire matendawa. Inu munandionapo ine nditagwa?"

Nditatsitsimuka ndinapeza diresi langa litanyowa, ndadzikodzera, ndipo chapatali panali amayi ataima chilili, ndowa zili pansi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso mpaka lero. Ndinawakwiyira Amayi kwambiri. M'maganizo mwanga, anali atandisandutsa chinthu chophunzitsira anthu, ngati mapu opachika pakhoma.

M'mawa mwake ndinakana kutuluka. Ndinadzifunditsa bulangete, n'kuwauza kuti ngati akufuna ndiphunzire, abweretse bolodi m'nyumba. Abambo anatsokomola panja, kusonyeza kuti akugwirizana nane, koma sanalowe. Amayi anakhala pansi pafupi ndi mphasa yanga. Sanakalipe.

"Tereza mwana wanga, tinakuchotsa kusukulu kuti usavulale, osati kuti usaoneke. Ndikakulowetsa m'nyumba muno lero, mawa sudzafuna kutuluka, mkuja anthu adzazolowera kuti kuno kulibe Tereza. Ndikwiyire, palibe kanthu. Koma bolodi silisuntha."

Ndinalira, ndinawanena kuti alibe chisoni. Iwo anangonyamuka, kukayamba sukulu ndi Pilirani yekha. Tsono chigafa sichinali kutali, ndipo tsiku limenelo, kaya mwadala kaya ayi, Amayi anasankha masamu ogawa, akufunsa mokweza. Pilirani ankaponya mayankho ongopeka, Amayi n'kumati, "Kapena ndi choncho, tiyeni tipitirire." Ndinapirira pang'ono. Atavomereza yankho lina loipitsitsa ndinalephera kudzigwira. Ndinataya bulangete, kutuluka maso ali psuu, kukalanda makaka m'manja mwa mlongo wanga n'kukonza samuyo. Palibe anandiyamikira kapena kundiseka. Amayi anangolemba samu ina, ine n'kukhala pansi.

Patapita masabata angapo, tili pakati pa phunziro, tinamva odi wamanthamantha. Anali aNankhoma, mmodzi wa amayi olambalala m'chimanga aja, a tsidya lina la mudzi. Tonse tinkamva kuti ali ndi mwana wodwaladwala dzina lake Ganizani, koma ine ndinali ndisanamuonepo, kaya kutchalitchi, kaya kumasewera. Tsiku limenelo anali naye, atamugwira padzanja. Anali mnyamata wamsinkhu wa Pilirani, wowonda, wotsinzinatsinzina ndi dzuwa ngati munthu wongodzuka kumene. Mkono wake wamanja unali ndi chipsera chachikulu cha moto kuyambira pachigongono.

ANankhoma anagwada kunja kwa chigafa, maso ali pansi.

"Pepani aphunzitsi, ndasokoneza. Ine tsiku lija ndinalipo, ndinaona zonse." Anamukokera mwanayo pafupi. "Uyunso amagwa. Chipserachi anagwera pamoto. Bambo ake anati asamatuluke, anthu angatisale. Chibadwire sanagwirepo buku. Kaya malo alipo?"

"Chigafachi chilibe chitseko, aNankhoma," anatero Amayi. "Tereza, sendera uko, umuyambitse mnzako a e i o u."

Ganizani anakhala pambali panga, thupi lonse lili gwaa. Nditamugwira dzanja kuti ndimusonyeze kagwiridwe ka makaka, anadzidzimuka n'kulibweza msanga, akuyang'ana amayi ake.

"Usaope," ndinamuuza. "Nanenso ndimagwa. Palibe angapatsire mnzake pano."

Kenaka anabwezera dzanja lija m'manja mwanga, ndipo tinalemba a woyamba, wopotoka, wamkulu ngati mbale. Amayi ake analira mwakachetechete, akudzipukuta ndi nsonga ya chitenje.

Pamene chaka chinkatha tinali atatu m'chigafamo, ndipo olambalala m'chimanga anali atachepa, ngakhale sanathe onse. Ine ndinadzabwerera kusukulu ya boma kugwa kutachepa kwambiri, ndipo Ganizani anadzayamba Sitandade 1 ali wamtali kuposa anzake onse. Mankhwala ndikumwabe mpaka pano.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati Abambo ndiwo ankandikonda, Amayi ayi. Lero ndikudziwa kuti onse ankandikonda, kungoti Amayi analolera kuti ndiwade kwa kanthawi, chinthu chowawa kwa mayi aliyense. Chikondi chikhoza kumutsekera mwana m'nyumba mosavuta ngati mmene nkhanza ingachitire, ndipo wotsekerayo amagona tulo poganiza kuti wachita bwino. M'mawa uja ndinapempha bolodi m'nyumba ndi misozi yeniyeni. Amayi akanandimvera chisoni chimene ndinkafunacho, m'mudzi umodzi mukanakhala ana awiri otsekeredwa, aliyense akuganiza kuti ndi iye yekha padziko lonse amene amagwa.