Atelala Amene Anasambitsa Mlamu Wawo

Pampingo tonse tinkangowatchula kuti Atelala. Sukulu anailekera panjira kuti azilera azing'ono awo. Kusoka anaphunzirira pa zigamba, kupemphera anaphunzira kwa bambo awo. Atakwatiwa, amuna awo anawagulira makina opalasa ndi phazi n'kuwaikira pakhonde.

Amunawo atamwalira, nkhata zisanafote n'komwe pamanda, mchemwali wa malemu anabwera ndi galimoto. Ananyamula mipando, matiresi, makina, ngakhale singano zimene. Tisanamizane, kumeneko kunali kuba, ndipo achibale onse anangoti zii. Atelala anatsala ndi mwana wamkazi mmodzi m'kachipinda ka lendi, akusoka pamanja mpaka zala kuchita matuza.

Mtima unkawapweteka, asakunamizeni munthu. Ankati, "Pemphero la Ambuye ndikafika pokhululukira otilakwira, kukamwa kumauma. Ndiye ndimayambiranso."

Patapita zaka makumi awiri, mlamu uja anafa ziwalo, kulankhula n'kusiya. Ana ake, amene anakulira pamipando yakuba ija, aliyense anati watanganidwa. Wodwalayo anagona masiku angapo m'zoipa zake. Atelala atamva anatenga sopo ndi thaulo.

"Amayi, mukukasambitsa mbava?" mwana wawo anafunsa.

"Ndikukasambitsa azakhali ako."

"Asiyeni awole. Mulungu wakubwezerani."

"Ngati wabwezera ndi Mulungu, ndiye kuti ntchito imeneyo yandichokera. Tenga beseni."

Atalowa m'nyumba ya mlamuyo anapeza makina aja ali pakona, dzimbiri lokhalokha, pamwamba atasanjapo mbale zakuda. Anangowayang'ana n'kudutsa. Anawiritsa madzi n'kubwera nawo akufuka nthunzi. Wodwalayo atazindikira nkhope, maso anangoti tong'o pabeseni. Ankadziwa zimene anachita, ankadziwanso kuti munthu wosatha kukuwa ukhoza kumuwotcha popanda womva. Atelala anaima pamenepo kanthawi ndithu. Pambuyo pake sanabise, anauza mwana wawo kuti maganizo amenewo anawafikiradi.

Kenako anathiramo madzi ozizira, anapinda malaya, n'kuviika chigongono chawo m'beseni, wodwalayo akuona.

"Mwaona, alamu? Ndi ofunda chabe. Tiyambe ndi kumsana."

Anawasambitsa m'mawa uliwonse, zaka zitatu, mpaka mlamuyo anamwalira. Mawu akuti pepani sanawamve, poti lilime silinabwererenso.

Atelala atakalamba, maso atasiya kuona bowo la singano, mwana wawo anawafunsa, "Kodi amayi, munawakhululukiradi?"

"Masiku ena, ee. Masiku enawo ndinkangosambitsa."

Atisiya mwezi wathawu, masana, atatsamira pampando, manja ali pamiyendo, ngati munthu wopumira ntchito. Panalibe kubuula, panalibe munthu woti akamuitane kudzayanjana naye.

Tsono inu amene mumakweza mawu pa nyimbo Lamlungu, koma m'bale wanu mumamudutsa ngati mtengo, musadikire kuti mtima uyambe wapola. Atelala sanadikire.